Wopanga Chinthu Adziŵenso Mathero Ake

Chaka ndi chaka, maina a ophunzira osankhidwa kupita ku sukulu za ukachenjede akatuluka, m'midzi ina ya ku Namitete, Mpingu, Nsaru, Kabudula ndi Nambuma mumamveka nthungululu. Mwa anyamata ndi asungwana osankhidwawo mumakhala ena amene apatsidwa malo a maphunziro a uinjiniya. Ena amapita ku MUBAS ku Blantyre, imene kufikira chaka cha 2021 tinkaitcha Polytechnic; ena ku MUST ku Thyolo, imene idatsegulidwa mu 2014; ena ku Bunda, kumene amaphunzira za makina a ulimi ndi ulimi wothirira; ndipo ena ku Mzuzu, kumene kuli maphunziro a mphamvu zochokera ku dzuŵa ndi mphepo. Makolo amagulitsa fodya, soya, ngakhale ng'ombe yokoka ngolo, kuti mwana apite. Chiyembekezo chao nchakuti mwanayo adzamanga milatho ndi miseu, adzaika magetsi ndi madzi, ndipo kwao kudzasintha.

Ife tikondwera nao pamodzi makolo ameneŵa. Koma tili ndi funso limene tifuna kuti aphunzitsi ndi ophunzira alisinkhesinkhe. Injiniya amaphunzitsidwa kupanga chinthu. Kodi amaphunzitsidwanso kulingalira za tsiku limene chinthucho chidzafe? Mjigo ukaonongeka adzaukonza ndani? Batire likatha mphamvu lidzatayidwa kuti? Dothi lokumbidwa pamgodi lidzabwerera bwanji pamalo pake kuti mlimi alimenso? Maganizo athu ndi akuti injiniya amene sangathe kuyankha mafunso otereŵa sadatsirize maphunziro ake, ngakhale atavala mkanjo ndi chisoti pa tsiku lolandira digiri.

Mau aŵiri oyenera kuŵamvetsa

Pali mau aŵiri amene masiku ano amamveka kwambiri m'makalasi a mainjiniya m'maiko onse. Oyamba ndi akuti chitukuko chokhalitsa. Mau ameneŵa adatchuka m'chaka cha 1987, pamene bungwe la United Nations lidalandira lipoti la komiti imene ankaitsogolera Mai Gro Harlem Brundtland, nduna yaikulu ya dziko la Norway. Mfundo yake inali yakuti mbadwo wa lero upeze zosoŵa zake popanda kulanda mbadwo wa maŵa mwai wopeza zake. Mlimi wa ku Nsaru sangadabwe nayo mfundo imeneyi, pakuti iye adadziŵa kale kuti ngakhale njala ikule chotani, munthu wanzeru sadya mbeu.

Mau achiŵiri ndi amene pa Chingerezi amati circular economy, ndipo ife tiŵatcha chuma chozungulira. Kwa zaka zoposa 200 mafakitale akhala akuyenda njira yosabwerera: kumba m'nthaka, panga katundu, gulitsa, ndipo akatha ntchito taya kudzala. Chuma chozungulira chimafuna kuti njirayo ipindike. Katundu apangidwe mwakuti azikhalitsa ndi kukonzeka akaonongeka. Akalephereka kukonzeka, ziwalo zake zigwire ntchito pena. Zikatheratu, chitsulo chake chisungunulidwe nkupangira china. Ndipo zimene zimaola zibwerere m'nthaka kukadyetsa mbeu. Bungwe la Ellen MacArthur Foundation, limene lidakhazikitsidwa ku Britain mu 2010, ndilo lidafalitsa kwambiri maganizo ameneŵa, ndipo mu 2017 maiko a Rwanda, Nigeria ndi South Africa adayambitsa mgwirizano wa maiko a mu Afrika pa nkhani yomweyi.

Pali mfundo ina yakale pang'ono imene ikhudza dziko lathu koposa. M'chaka cha 1976 katswiri wina wolemba mapulani a nyumba wa ku Switzerland, Walter Stahel, adaonetsa kuti kupanga chitsulo kapena simenti yatsopano kumadya mphamvu zambiri za moto ndi magetsi koma kumalemba anthu ochepa, pamene kukonza ndi kukonzanso zinthu zimene zilipo kale kumadya mphamvu zochepa koma kumalemba anthu ambiri. Tsono tayang'anani Malaŵi. Magetsi ngosakwanira, ndalama zakunja zogulira katundu watsopano nzosoŵa, koma manja a achinyamata ofuna ntchito ali mbwee. Ngati pali dziko limene chiphunzitso chimenechi chiyenera kulikomera, dzikolo ndi lino.

Choopsa nchakuti mau ameneŵa angathe kuloŵa m'mutu mwa wophunzira monga mmene amaloŵera maina a mitsinje ya ku Asia: amaŵaloweza pamtima, amaŵalemba pa mayeso, nkuŵaiŵala. Wophunzira angathe kulongosola bwino tanthauzo la chuma chozungulira, koma tsiku lolemba pulani ya makina ake nkusankha chiwalo chimene sichipezeka m'sitolo iriyonse pakati pa Lilongwe ndi Mchinji. Kudziŵa kwenikweni kumaonekera pa pulani, pa mtengo wa chinthucho, ndi pa zimene zimachitika patapita zaka zisanu mwini pulaniyo atachoka.

Sukulu ya pamsika

Tsiku la msika pa Nsaru kapena pa Nambuma, munthu woyenda ndi maso angaone chuma chozungulira chili pantchito, ngakhale palibe amene akuchitchula dzina. Mmisiri wa malata wakhala pansi pa mtengo ndi nyundo yake, ndipo zidutswa za malata ndi zitini zakale zikusanduka mbaula, ndowa, zothirira mbeu kudimba ndi nyali za koloboyi. Wosula akusula nkhwangwa ndi zikwanje kuchokera ku zitsulo za galimoto lakufa. Tayala lotha lasanduka nkhwaira, ndipo chubu chake chadulidwa malegeni omangira katundu panjinga. Ngolo zambiri zimene zimatuta chimanga ndi fodya ku Kabudula zimayenda pa ekiselo ndi matayala a magalimoto amene adaleka kuyenda kalekale. Ena amasungunula zidutswa za aluminiyamu nkuumba mapoto, ndipo mwina sadziŵa kuti kusungunula aluminiyamu yakale kumafuna gawo limodzi lokha mwa magawo 20 a mphamvu zofunika popanga yatsopano.

Kumunda nako nchimodzimodzi. Chimanga chikapita kuchigayo, gaga amadyetsa nkhumba ndi nkhuku. Mapesi ndi zotsalira za mtedza zimadyetsa ng'ombe, ndipo ndowe za ng'ombezo zimabwerera kumunda. Kuchokera pamene mtengo wa feteleza udakwera kwambiri, alimi ambiri adaphunzira kupanga manyowa otchedwa Mbeya: amasakaniza ndowe, phulusa, gaga ndi feteleza pang'ono wa kusitolo, nkuzitsekera m'thumba kwa masabata atatu, ndipo feteleza wochepa uja amafika pamunda waukulupo. Palibe chotayika pakhomo pa mlimi wosamala.

Komatu tisanamizane. Anthu ameneŵa sachita izi chifukwa chakuti adaŵerenga lipoti la Brundtland. Amachita chifukwa cha umphaŵi, ndipo nzeru yobadwa ndi umphaŵi ili ndi malire ake. Munthu amaswa batire la galimoto ndi nkhwangwa kuti atengemo mtovu, asidi wake nkumukhuthulira pansi pomwe ana amaseŵera, osadziŵa kuti mtovu ukaloŵa m'thupi la mwana umaononga ubongo, ndipo chimene waononga sichibwerera. Botolo la mankhwala opopera fodya limatsukidwa nkusungiramo mafuta ophikira. Mapepala a pulasitiki amakolezera mbaula m'nyumba yotseka. Poto woumbidwa ndi zitsulo zosadziŵika chiyambi chake angathe kukhala ndi mtovu womwe uja, ndipo mwini wake amaphikiramo phala la mwana tsiku ndi tsiku.

Apa ndipo pafunika injiniya. Iye ali ndi zimene mmisiri wa pamsika alibe: masamu, zida zoyezera, ndi chipinda chopimira zitsulo ndi madzi. Angathe kuuza woumba mapoto zitsulo zimene ayenera kuzikana. Angathe kuŵerengera katundu amene ekiselo ya ngolo ingasenze isanathyoke. Angathe kupima manyowa a Mbeya nkunena muyeso wopindulitsa pa dothi la kwao. Mmisiri naye ali ndi zimene injiniya wongotuluka kumene alibe: amadziŵa chimene anthu angakwanitse kugula, chimene chimathyoka msanga, ndi kumene zitsulo zakale zimapezeka. Tsoka lathu nlakuti aŵiriŵa sakomana. Wina amamuona mnzake ngati mbuli, winayo amamuona mnzake ngati bwana wa mapepala, ndipo mutu umodzi ukulephera kusenza denga.

Zimene zidatheka kale kuno kwathu

Wina angaganize kuti tikunena za maloto. Iyai, zitsanzo zilipo, ndipo chimodzi chili pakati pa mudzi. Mjigo umene amai amapopa m'midzi yambiri ya m'boma la Lilongwe dzina lake ndi Afridev, ndipo chiyambi chake chidali kuno ku Malaŵi. Mijigo yakale inali yolemera, ya mapaipi achitsulo. Ikaonongeka pankafunika amisiri a boma ndi galimoto lokhala ndi chokwezera kuti azule zonse, kotero mudzi unkadikira miyezi, anthu nkubwerera kukatunga kudambo. M'chaka cha 1981 akatswiri a za madzi kuno adayamba kukonza mjigo wa mtundu wina ndi cholinga chakuti anthu a m'mudzi azitha kuukonza okha. Mutu wake woyamba unkatchedwa Maldev, ndipo kuyambira mu 1983 ntchitoyo idakapitirira ku Kenya.

Nzeru ya mjigo umenewu ili pa kuganizira tsiku loonongeka. Ziwalo zimene zimatha msanga adazipanga zazing'ono ndi zotsika mtengo, za labala ndi pulasitiki. Ndodo zake zimasololedwa ndi manja popanda kuzula mapaipi. Sipanala imodzi imatsegula mutu wake. Pulani yake adaisiya poyera kuti fakitale iriyonse ipange, ndipo lero mjigowu ukupereka madzi m'maiko ambiri a mu Afrika. Komabe tonse taonapo mijigo ya Afridev itaima chaka chathunthu chifukwa cha kalabala kamodzi kamene kasoŵa m'sitolo ya pafupi, kapena chifukwa komiti ya pamjigo ilibe ndalama m'thumba. Phunziro lake nlakuti pulani ya injiniya sithera pa chitsulo. Imafika kwa wogulitsa ziwalo, kwa mmisiri wa m'dera, ndi kwa msungichuma wa komiti.

Chitsanzo china chili ku Dwangwa, m'boma la Nkhotakota. Nzimbe zikafinyidwa, zotsalira zake amazitentha kuti zipereke nthunzi ndi magetsi oyendetsa fakitale ya shuga. Madzi akuda okhuthala otsala popanga shuga, amene amaŵatcha molasesi, kuyambira mu 1982 amaŵasandutsa ethanol amene amasakanizidwa ndi petulo wa magalimoto athu, ndipo mu 2004 fakitale ina yotere idatsegulidwa ku Chikwawa. Chotsala cha fakitale imodzi ndicho chakudya cha inzake. Ngati zidatheka ndi nzimbe, zingalephereke bwanji ndi makoko a mtedza, zitsononkho za chimanga ndi mitengo ya fodya, zimene chaka ndi chaka zimangotenthedwa m'minda ya ku Mpingu ndi Namitete?

Zinyalala zimene agogo sadazione

Nthaŵi yasintha, ndipo m'midzi mwathu mwaloŵa zinthu zimene nzeru ya makolo siidziŵa kumene ingazitaye. Makomo ambiri ali ndi foni. Nyali za dzuŵa, mawailesi, matochi ndi mabatire a sola zadzaza m'magolosale. Zimenezi nzabwino, pakuti mwana akuŵerenga usiku popanda utsi wa parafini. Koma nyali zambiri amazimata mwakuti batire lake likafa simungalichotse popanda kuswa nyali yonse, ndipo mathero ake ndi m'chimbudzi kapena kudzala. Lipoti la mabungwe a United Nations la mu 2024 lidanena kuti m'chaka cha 2022 dziko lonse lidataya matani 62 miliyoni a zipangizo zamagetsi zakutha, ndipo zimene zidatoleredwa ndi kukonzedwa mwa dongosolo sizidafike ngakhale gawo limodzi mwa magawo anai. Wophunzira wa zamagetsi wochokera ku Nambuma angatumikire kwao kwambiri atakonza nyali yotseguka ndi sikuludiraiva, ya batire losinthika, imene mnyamata wokonza mafoni pamsika angaitsitsimutse.

Nkhani ya pulasitiki iphunzitsa chinthu china. Boma lidaletsa mapepala a pulasitiki opyapyala, ochepera mamaikuloni 60, m'chaka cha 2015. Eni mafakitale adakamang'ala kubwalo la milandu, ndipo mu 2019 Bwalo Lalikulu la Apilo lidagamula kuti lamulolo nloyenera. Mai Gloria Majiga-Kamoto adalandira mphotho ya Goldman mu 2021 chifukwa cha khama lao pa nkhondo imeneyi. Koma lamulo limangoletsa, silipanga choloŵa m'malo. Mai wogulitsa mandasi kapena matemba ayenera kupeza chokulungira chimene angakwanitse kugula. Chinthu chimenecho chidzachokera m'mutu mwa injiniya, ndipo chikapanda kuchokera kumeneko anthu adzabwerera ku chakale mobisa.

Chimodzimodzi mitengo. Ng'anjo iriyonse ya njerwa imadya nkhuni zambiri, zigafa za fodya zimafuna mitengo yatsopano kaŵirikaŵiri, ndipo makala opita mumzinda akhala akupulula nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe umene umadzaza madamu a ku Malingunde. Mu 2018 boma lidakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zootcha pomanga nyumba za boma ndi zina zikuluzikulu. Koma munthu wamba womanga nyumba yake ku Kabudula sangakwanitse simenti ya mabuloko. Afuna makina otsika mtengo otsindira njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, chigafa chokhalitsa, ndi makala opangidwa kuchokera ku makoko a mtedza amene amayaka bwino pambaula. Zonsezi ndi ntchito za masamu ndi zoyeza, ndiye kuti ntchito za injiniya.

Mayeso aakulu ali ku Kasiya

Pamwamba pa zonsezi pali nkhani imene idzayesa mainjiniya athu koposa mayeso onse a m'kalasi. Ku Kasiya, dera loyandikana ndi Nsaru ndi Kabudula, kampani ya ku Australia yotchedwa Sovereign Metals idapeza mwala wa rutile, umene amapangira penti yoyera ndi chitsulo chopepuka koma cholimba chotchedwa titanium, pamodzi ndi graphite, amene amagwira ntchito m'mabatire. Mu 2022 kampaniyo idalengeza kuti dothi lokhala ndi miyalayi nlokwana matani pafupifupi 1.8 biliyoni, ndipo palibe malo ena odziŵika pa dziko lonse okhala ndi rutile wochuluka chotere. Mu 2023 kampani yaikulu ya migodi ya Rio Tinto idagula magawo 15 pa 100 aliwonse a kampaniyo.

Tsono mvetsani chiŵerengero ichi. Miyalayi ili m'dothi lofeŵa la pamwamba, pansi penipeni pa minda ya anthu, ndipo pa matumba 100 a dothi lokumbidwa, rutile amakwana thumba limodzi, graphite pafupifupi thumba limodzi ndi theka. Matumba otsalawo, oposa 95, ayenera kubwerera m'dzenje. Mu 2024 kampaniyo idakumba dzenje loyesera, nkulikwirira, ndi kubzalapo mbeu pofuna kuonetsa kuti nthaka ingalimidwenso. Chimenecho nchiyambi choyenera. Koma dzenje limodzi loyesera ndi losiyana ndi mgodi wa zaka makumi angapo, ndipo mau a kampani iriyonse, ngakhale yokhulupirika, ayenera kukhala ndi woŵapima. Walira mvula walira matope.

Adzapima ndani? Ndani adzaona ngati dothi la chonde la pamwamba lasungidwa padera ndi kubwezeredwa pamwamba pomwepo? Ndani adzayeza madzi otsukira dothi, kuti adziŵe ochuluka bwanji akubwezeredwa m'makina ndi ochuluka bwanji akutengedwa kumene ziŵeto ndi madimba zimadalira? Ndani adzayeza zitsime za m'midzi yozungulira chaka ndi chaka? Dziko lili ndi lamulo losamala chilengedwe la mu 2017 ndi bungwe loyang'anira lamulolo, koma lamulo lilibe maso. Maso ake ndi mainjiniya, ena olembedwa ndi kampani, ena ndi boma, ena ndi khonsolo. Kungakhale kupanda nzeru kuti ana a ku Nsaru adzangokhala alonda a pachipata ndi oyendetsa mathirakitala, pamene oŵerenga malipoti a nthaka ya makolo ao ndi alendo okhaokha.

Zimene ena anganene

Tidziŵa kuti pali ena amene amati nkhani zoterezi nza maiko olemera. Amati Azungu adadula nkhalango zao nadetsa mitsinje yao kufikira adalemera, ndipo tsopano afuna kuphunzitsa osauka kudziletsa. M'mau ameneŵa muli choonadi, pakuti utsi umene wasokoneza nyengo ya mvula sudachokere ku Nambuma. Koma mlandu wa utsi wa dziko lonse ndi wina, ndipo nkhani ya mjigo woima, dothi lokokoloka ndi mwana womwa mtovu ndi ina. Zimenezi zimaŵaŵa ife eni ake, lero lomwe. Dziko lolemera lingathe kutaya makina nkugula ena. Ife tikataya timakhala opanda, kapena timakongola ndalama zimene adzabweze ndi adzukulu. Masomphenya a Malawi 2063, amene adakhazikitsidwa mu 2021, amafuna ulimi wamalonda, mafakitale, migodi ndi mizinda, ndipo amatchulanso kusamala chilengedwe monga chimodzi cha zothandiza kuti zimenezo zitheke.

Ena amati maphunziro a uinjiniya ngodzaza kale, ndipo palibe malo oonjezerapo phunziro lina. Ife sitikupempha phunziro lina loti lidzalembedwe pa mayeso nkuiŵalika. Tikupempha kuti funso la mathero a chinthu liloŵe m'maphunziro amene alipo. Wophunzitsa za zitsulo anene za kusungunulanso. Wophunzitsa za konkire anene za nkhuni, mchenga wa mumtsinje ndi zogumuka za nyumba zakale. Wophunzitsa za magetsi anene za batire lakufa. Kutero sikufuna nyumba yatsopano kapena galimoto. Kufuna mphunzitsi amene iye mwini wakhutira kuti funsolo nlofunika.

Pempho lathu

Kwa akuluakulu a mayunivesite tikuti: ntchito imene wophunzira amapanga m'chaka chake chomaliza isalandiridwe asanayankhe mafunso atatu. Zipangizo zake zichokera kuti? Ikaonongeka adzaikonza ndani, ndi zida zotani, pa mtengo wanji? Ikatheratu, chiwalo chilichonse chidzapita kuti? Ndiponso nthaŵi yophunzira pantchito isakhale ya m'maofesi a mumzinda mokha. Pa mseu wa ku Mchinji pali malo ofufuzira za ulimi a Chitedze, amene alipo kuyambira mu 1948, ndiponso sukulu ya ntchito zamanja ya Namitete. Wophunzira wa digiri atakhala miyezi itatu pamodzi ndi ophunzira ukalipentala ndi kumanga, kapena pa chigayo, kapena ndi mmisiri wokonza mijigo, angabwerere kusukulu ndi mafunso abwino koposa amene adapita nao.

Kwa inu aphunzitsi a pulaimale ndi sekondale tikuti: mmera mpoyamba. Injiniya wa maŵa ali m'kalasi mwanu lero, ndipo chizoloŵezi chofunsa kumene chinthu chimathera sangachiyambe ali ndi zaka 22. Phunziro la sayansi, la ulimi kapena la jogalafe lingathe kuchitikira pa dzala la sukulu. Ana asankhule zinyalala za sabata imodzi, aziyeze pa sikelo, alembe zimene zingaole, zimene zingagwirenso ntchito ndi zimene nzoopsa. Itanani mmisiri wa malata kapena wokonza mjigo adzalankhule m'kalasi, ndipo mumpatse mpando ndi ulemu umene mumapatsa mlendo wochokera ku boma. Ana akaona aphunzitsi ao akulemekeza ntchito ya manja, sadzachita nayo manyazi akadzavala taye.

Kwa inu amene mwatsiriza Fomu 4 koma dzina lanu silidatuluke, nkhaniyi ndi yanunso. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu adasiya sukulu ya sekondale pa njala ya 2001 ndi 2002 chifukwa chosoŵa fizi. Poŵerenga mabuku a m'laibulale yaing'ono ya kwao, adamanga makina opanga magetsi ndi mphepo kuchokera ku ziwalo za njinga, chokupizira mphepo cha thirakitala, mapaipi a pulasitiki ndi mitengo ya bulugama, ndipo mu 2014 adalandira digiri ku Dartmouth College ku America. Si onse amene adzafike kumeneko, ndipo sitifuna kulonjeza zimene sitingapereke. Koma ntchito yokonza mapampu a sola, mafoni, njinga zamoto, zigayo ndi mijigo ikukulirakulira m'dera lanu, ndipo maphunziro a ntchito zamanja amene bungwe la TEVETA lakhala likuyang'anira kuyambira mu 1999 ndi khomo loloŵera. Chuma chozungulira chidzafuna amisiri ambiri koposa mainjiniya.

Ndipo kwa inu amene mwasankhidwa, tikuti pitani mukaphunzire mwakhama, masamu onse ndi mapulani onse, pakuti popanda zimenezo simungathandize munthu. Koma pa tchuthi musamangokhala m'nyumba ndi foni. Pitani pamsika mukaone chimene chikuthyoka kaŵirikaŵiri, mukafunse chifukwa chake, mukaŵerenge mijigo yoima m'dera la mfumu yanu ndi kulemba chimene chidaimitsa uliwonse. Makolo amene adagulitsa ng'ombe sadzaŵerenga digiri yanu, chifukwa idalembedwa m'Chingerezi. Iwo adzaŵerenga mjigo umene ukutulutsabe madzi patapita zaka khumi, ndi munda umene udakumbidwa ndi makina koma ukubalanso chimanga.